Mbeu Yabwino ya Nsomba Imacokera Kuti?

Ku India ndi ku Bangladesh kuli nsomba yochedwa rohu, ya m'banja la carp, imene alimi ambirimbiri amaweta m'madamu. Kwao kwenikweni ndi m'mitsinje ikuluikulu monga Ganga, Brahmaputra ndi Padma. Mu mtsinje wa Halda, kufupi ndi mzinda wa Chattogram, nsombazi zimaikira mazira mvula ya mabingu ikayamba, ndipo asodzi amawola mazirawo nakawaswetsa m'maenje okumbidwa m'mphepete mwa mtsinjewo.

Poziona ndi maso, rohu zonse ndi zofanana. Koma akatswiri atapima DNA, anapeza kuti gulu la mtsinje uliwonse limasiyanako pang'ono ndi la mtsinje wina, ndiponso kuti nsomba za mumtsinje zili ndi cibadwa cosiyanasiyana kuposa za m'malo ambiri oswetsera. Kusiyanasiyana kumeneku ndi cuma. Matenda akabuka kapena madzi akatentha kwambiri, pamapezeka zina zopirira, ndipo mtundu supita wonse.

Nanga cumaci cimataika bwanji? Rohu yaikazi imodzi imaikira mazira zikwi mazanamazana, motero woswetsa amaona ngati makolo owerengeka ndi okwanira. Caka ndi caka ana a mimba imodzi amaberekana okhaokha. Coipa cina ncakuti zonenepa zimapita kumsika, zotsalira zokwinimbira ndizo zimasanduka makolo. Mapeto ake ndi nsomba zokula mocedwa, zopunduka ndi zosalimba ku matenda.

Kuyambira m'caka ca 1992 bungwe la CIFA ku Bhubaneswar, mogwirizana ndi akatswiri a ku Norway, linasonkhanitsa rohu za m'mitsinje isanu: Ganga, Yamuna, Brahmaputra, Sutlej ndi Gomati, pamodzi ndi zoweta. Anazikwatitsa mwadongosolo, kulemba mabanja ake, ndi kusankha zokula msanga m'badwo uliwonse. Mbeu imene inatuluka inachedwa Jayanti mu 1997. Mitsinje ija ikadakhala itaonongeka, nchitoyi ikadasowa poyambira.

Ife m'madamu athu timaweta kwambiri bream, koma lamulo la cibadwa ndi lomwelo. Mbeu ya cimanga sitisankha pa zitsononkho zonyozoloka, ndipo tonde timasinthana ndi anzathu kuti asakwere ana ake. Nsomba nazonso zifuna nzeru yomweyo. Tigule mbeu ku malo oswetsera ovomerezeka, tifunse kumene makolo ake anacokera. Ngati tiswetsa tokha, tisunge zazimuna ndi zazikazi zambiri, zokula bwino, ndipo pakapita nthawi tibweretse zina za mtundu womwewo zocokera kwina.

Tisamalenso mitsinje. Mu Kafue, Nile tilapia yothawa m'madamu yakhala ikuberekana ndi bream ya kwathu ya mawanga atatu, ndipo cibadwa cikasakanikirana cotero sicibwereranso mwakale. Sefa ya waya potulukira madzi pa damu ndi yotsika mtengo, koma imateteza mbeu imene ana athu adzaifuna.