Njinga yamagetsi ikudza, koma mukaitchajira kuti?

Wakabaza amene wagona pamzere wa petulo akamva za njinga yamoto yoyendera magetsi, mtima umadumpha. Koma asanafunse mtengo wa njingayo, pali funso lina lofunika kuliyankha: usiku izitchajidwa pa soketi ya ndani?

Anthu ambiri a m'tauni, kaya ndi ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, amakhala m'nyumba za lendi. Mita imakhala imodzi, mabanja angapo n'kumasonkherana ndalama ya mayunitsi. Pamalo otere ngakhale ayironi imayambanitsa anthu. Tsono batire la njinga la 3 kWh limadya mayunitsi atatu ndi kanthu kuti lidzaze, ndipo limafuna kudya tsiku ndi tsiku. La galimoto ngati Nissan Leaf ya 40 kWh limameza mayunitsi 40, komanso pa soketi wamba ya m'nyumba limatenga maola oposa 15. Ndi eni nyumba angati angalole chingwe chotere kudutsa pawindo?

Vutoli si la kuno kokha. Ku Britain, wotchajira galimoto pakhomo pake amalipira msonkho wa VAT wa 5 peresenti, pomwe wotchajira pamsewu, poti alibe bwalo loimikapo galimoto, amadulidwa 20 peresenti. Magetsi ndi omwewo, koma wopanda malo ndiye amalipira zambiri.

Mzinda wa Kigali ku Rwanda, komwe njinga zamoto zimanyamula anthu ochuluka, unadzera njira ina. Kampani ya Ampersand, yomwe idayamba kuyendetsa njinga zamagetsi mumzindawu mu 2019, siyembekezera kuti woyendetsa akhale ndi soketi kwawo. Iye amatenga njinga, koma batire limakhala la kampani. Likatsala pang'ono kutha, amaima pa siteshoni, kusiya lakuthalo n'kuikiridwa lodzaza, ndipo amalipira moto umene wagwiritsa ntchito. Zonsezi zimatheka m'mphindi zochepa, ngati kumwetsa petulo basi. Ubwino wina ngwakuti batire, lomwe ndi chinthu chodula kwambiri panjinga yotere, likakalamba mutu umawawa ndi wa kampani.

Boma la Rwanda lidaikaponso dzanja: kuyambira Januwale 2025 lidasiya kulembetsa njinga zatsopano za petulo zonyamula anthu mu Kigali. Zakale zikuyendabe.

Komabe njirayi ili ndi msampha wake. Batire la kampani ina nthawi zambiri sililowa panjinga ya kampani inzake. Wogula njinga ndiye kuti wakwatira masiteshoni a kampaniyo; ikakweza mtengo wosinthira, kapena siteshoni yapafupi ikatsekedwa, alibe kothawira. Choncho wofuna kugula ayambe wawerenga masiteshoni amene ali m'njira zomwe amayenda, nthawi imene amatsegula, komanso chomwe chimachitika magetsi akazima. Mtengo wa njinga ubwere pambuyo.

Kwa ochita malonda, apa pali kanthu kodziwika kale. Bizinesi yotchaja mafoni m'misika idakula chifukwa anthu anali ndi mafoni koma analibe moto kunyumba. Mwini golosale kapena shopu ya zipangizo za njinga amene ali pafupi ndi siteji ya akabaza, ndipo ali ndi mita yakeyake, ali ndi zinthu ziwiri zomwe wakabaza wa lendi alibe: malo ndi magetsi.

Kungoti batire la njinga si foni. Mawaya opyapyala aja amene amalumikizidwa ndi selotepi amatentha akanyamula moto wambiri kwa maola, ndipo batire la lithium likagwira moto limavuta kuzimitsa. Pafunika wamagetsi wovomerezeka aone mawaya, potchajirapo pazipita mphepo, ndipo pakhale kutali ndi makatoni, nsalu kapena zigubu za mafuta.

Mtengo nawo usatchulidwe mongoganizira. Kamita kakang'ono koika pa soketi kamasonyeza mayunitsi amene batire ladya. Pa mtengo wa mayunitsiwo wonjezeranipo lendi ya malo, mlonda wa usiku ndi masiku amene magetsi azima, njinga zafika pakhomo koma palibe cholowa m'thumba.