DZIKO LA MAKOLO NDI LAMULO LA BOMA

Inu alimi a m'midzi yozinga Mzuzu, a ku Ekwendeni, ku Lusangazi ndi ku Choma, ndi inunso asodzi a ku Nkhata Bay, cherani khutu. Munthu saoka khofi, amene ayamba kubala patapita zaka zitatu, m'munda umene angalandidwe mawa. Ndipo sathiramo manyowa, kapena kuvutika ndi mizere yopingasa phiri. Cifukwa cace mlimi ayenera kudziwa cimene lamulo linena za dziko limene makolo anamsiyira.

Za kale

Makolo anu sanali kulemba malire. Mfumu inaloza mtengo, culu ndi mtsinje, ndipo mudzi wonse unali mboni. Koma kuyambira 1892 Bwanamkubwa Harry Johnston anapatsa Azungu makalata a maiko akuru amene anati anagula kwa mafumu. Makalatawo anati midzi yokhalamo isasunthidwe, koma anthu ambiri, makamaka ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, anasanduka alendo pa nthaka ya makolo ao, nagwira thangata. Dziko litalandira ufulu, lamulo la 1965 linaika malo onse a midzi m'manja mwa Pulezidenti, ndipo Nduna inakhoza kuwabwereketsa. Momwemo minda yaikuru ya fodya inacuruka ku Kasungu ndi ku Mzimba m'zaka za m'ma 1970. Taonani, mwini cikalata anapambana mwini manda.

Si kuno kokha. Ku Australia bwalo lalikuru linavomereza mu 1992, pa mlandu wa Eddie Mabo, kuti eni dziko anali nao ufulu pa nthaka yao Azungu asanafike.

Lamulo la tsopano

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la malo a midzi, limene linayamba kugwira nchito mu 2018, ndipo linakonzedwanso mu 2022. Mafumu ena anakana poyamba, poopa kuti mphamvu yao idzacepa. Nchito yolemba malo inayesedwa ku Rumphi, ku Kasungu ndi ku Phalombe. Mitu yace ndi iyi.

1. Munda umene muulima monga mwa mwambo ukhoza kulembedwa m'kaundula, ndipo mulandira cikalata. Ukhoza kulembedwa m'dzina la munthu mmodzi, la mwamuna ndi mkazi pamodzi, kapena la banja lonse, ndipo ana adzaulowa.

2. Kwa gulupu kukhala komiti ya malo. Gulupu ndiye wapampando, ndipo pamodzi naye pali anthu 6 osankhidwa ndi mudzi. Mwa awa, atatu kapena oposa akhale akazi. Mfumu siigawa malo yokha m'seri.

3. Mukakangana za malire, mlandu uyamba ku bwalo la malo la mfumu yaikuru, imene muicha T/A. Wosakhutira apita ku bwalo la malo la pa boma, ndipo pamwamba pace pali bungwe la dziko lonse.

4. Madambo odyetsa ng'ombe, manda ndi nkhalango za mudzi ziri za onse. Munthu mmodzi asaziyese zace.

Cenjezo kwa a pafupi ndi mzinda

Mzuzu unayamba ngati munda wa mitengo ya mafuta yochedwa tung kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Unakhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 munali anthu oposa 220,000. Mzinda ukamakula udya minda. Adzafika kwa inu anthu a ndalama kufuna malo omangapo nyumba, ndipo ndalamazo zidzaoneka zambiri. Koma ndalama itha m'nyengo imodzi, pamene munda udyetsa inu, ana ndi adzukulu. Wogulitsa munda wace adzagula ufa wa pa mbale masiku ace onse. Akuru anati, cakudza siciyimba ng'oma; konzekani mlendoyo asanafike.

Za nyanja

Nyanja nayonso iri ndi mwambo wace. Ku cilumba ca Mbenje ku Salima, mfumu Makanjira ndi anthu ace atseka usodzi caka ndi caka, kuyambira December kufikira March, kuti nsomba ziswane. Ndipo mwambo uwu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Lamulo la usodzi la 1997 linatsegula khomo kuti midzi isamale nsomba pamodzi ndi Boma, mwa makomiti a pa doko. Inu a ku Nkhata Bay, limbitsani makomiti anu. Wokoka ndi ukonde wa udzudzu atenga tiana ta nsomba, monga mlimi wodya mbeu yace.

Zoyenera kucita

Coyamba, yendani m'malire a munda wanu pamodzi ndi anansi ndi mfumu, nkhalamba zodziwa zisanamwalire.

Caciwiri, okani khonje, nkhadze kapena mitengo ya zipatso m'malire, pakuti mwala usunthidwa usiku koma mtengo uima.

Cacitatu, funsani kwa gulupu ngati komiti ya malo yakhazikika kwanu. Ngati siinafike, funsani ku ofesi ya za malo ya cigawo ca kumpoto, imene iri mu Mzuzu momwemo.

Cacinai, polemba munda musaiwale mkazi wanu. Kuno kumpoto mkazi akhala kwa mwamuna, ndipo amasiye ambiri acotsedwa m'minda imene anailima zaka zambiri. Lamulo la 2011 la cuma ca masiye liti kulanda cuma ca wamasiye ndi ana ace ndi mlandu.

Cacisanu, musaike cala kapena dzina pa pepala limene simunalimve. Munthu wokhulupirika akuwerengereni poyera, pamaso pa mboni.

Cikalata sicilima munda. Mukacilandira, cisungeni pouma, kutali ndi ciswe, ndipo mubwerere ku khasu ndi mtima wokhazikika: okani mitengo, thirani manyowa, tsekani zigwembe, kuti nthaka imene makolo anakusiyirani ifike kwa ana anu iri ndi conde.