Kusiyana kwa mphamvu ya maginito kumpoto ndi kummwera kwa dziko lapansi

Mphamvu ya maginito ya dziko lapansi imachokera ku chitsulo chosungunuka chomwe chimayenda mkati mwa dziko, pafupifupi makilomita 2,900 pansi pa nthaka. Mphamvuyi imayezedwa mu nanotesla (nT), ndipo si yofanana m'zigawo ziwiri za dziko zomwe zinagawidwa ndi ikweta.

Kusiyana kwake

Chigawo cha kumpoto chili ndi malo awiri omwe mphamvuyi ndi yaikulu kwambiri, ku Canada ndi ku Siberia. Chigawo cha kummwera chili ndi malo amodzi okha, kummwera kwa Australia, komwe imaposa 60,000 nT. Kummwera komweku kulinso dera lalikulu lofooka lotchedwa South Atlantic Anomaly, loyambira ku South America kufika kummwera kwa Africa. Bungwe la European Space Agency, lomwe linatumiza masetilaiti atatu a Swarm mu 2013, linapeza kuti pakati pa 1970 ndi 2020 mphamvu yotsikitsitsa m'derali inatsika kuchoka pa 24,000 kufika pafupifupi 22,000 nT. Masetilaiti akamadutsa pamenepa, zipangizo zawo zimasokonezeka kawirikawiri chifukwa chitetezo ku tizinthu tamphamvu ta mumlengalenga n'chochepa.

Ku Malawi

Malawi ali kummwera kwa ikweta, choncho nsonga ya singano ya kampasi yoloza kumpoto imakokedwera m'mwamba, pomwe ku Ulaya imakokedwera pansi. Kampasi yopangidwira ku Ulaya ikagwiritsidwa ntchito poyeza malo ku Lirangwe, singano yake imatha kupendekeka n'kumakhula m'kabokosi kake. Kuno singano imapatukanso pang'ono kumadzulo kwa kumpoto kwenikweni.

Pa bwalo la ndege la Chileka, manambala a misewu yoterapo ndege, monga 10/28, amatengera komwe kampasi ikuloza. Popeza mphamvuyi imasuntha chaka ndi chaka, mapu a oyendetsa ndege amakonzedwanso pakapita nthawi.

Umboni wakale

Ku chigwa cha Limpopo, alimi akale ankawotcha nyumba ndi nkhokwe zomata ndi dothi. Dothilo pozizira linasunga chizindikiro cha maginito a nthawiyo. Kafukufuku wa John Tarduno ndi anzake wa 2015 anaonetsa kuti mphamvuyi inafookanso kummwera kwa Africa cha m'ma 1300, zomwe zikusonyeza kuti kufooka kwa deralo kumabwerezabwereza.