Kachubu kotchinga waya: mukatenthetse ndi chiyani?

Nyumba zambiri masiku ano zili ndi kasola padenga, batire pakona, ndi mawaya oyenda m'khoma kukafika pa babu ndi pa tchaja ya foni. Waya akaduka, kaya wadyedwa ndi khoswe, ambiri amangomupota n'kukulungapo tepi yakuda, ena mpaka jumbo. Tepiyo ikamva kutentha kwa mu Okutobala imamatuka, mkuwa n'kukhala pamtunda pomwe mwana wokwawa amafika. Pa sola ya mavoliti 12 magetsi samugwira mwanayo, koma mawaya awiri akakhudzana batire limatha kufiiritsa waya mpaka kuyatsa nsalu kapena udzu wa denga. Pa magetsi a ESCOM, omwe ndi a mavoliti 230, kungokhudza kumatha kupha munthu.

M'masitolo a zamagetsi mumapezeka timachubu tapulasitiki tomwe ogulitsa amati heat shrink. Mumalowetsa kachubuko ku waya musanalumikize, mukamaliza n'kukakokera pamfundo, kenako n'kukatenthetsa. Kamafota n'kugwira waya zolimba. Kampani ya Raychem ya ku America ndiyo inayamba kupanga timachubu totere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Kufakitale amakafutukula kali kotentha n'kukaziziritsa kali chifutukire, choncho kakamvanso kutentha kamabwerera msinkhu wake wakale. Kolembedwa 2:1 kamafota kufika theka, ka 3:1 kufika gawo limodzi mwa magawo atatu. Kumbukirani kuti ntchito yake ndi kuphimba basi. Ngati mfundo ya waya ili yogwedera, idzatenthabe mkati mwa kachubuko.

Timachubu tambiri ndi ta pulasitiki ya polyolefin, yomwe imayamba kufota pa madigiri pafupifupi 90 ndipo imagwira bwino pakati pa 100 ndi 125. Kutentha kumeneku n'kongopitirira pang'ono madzi owira. Ndiye funso posankha chotenthetsera ndi lakuti: chifika pamenepo, ndipo sichipitirira kwambiri?

Chida chenicheni cha ntchitoyi ndi heat gun, yomwe imafanana ndi chowumitsira tsitsi cha ku saluni koma mpweya wake umatha kupitirira madigiri 500. Ilibe lawi, ndipo mpweyawo umazungulira waya mbali zonse. Ikani pa kutentha kochepa, yambani pakati pa kachubuko n'kumapita m'mphepete kuti mpweya usatsekeredwe mkati. Vuto lake ndi loti imadya mawati 1,500 mpaka 2,000. Inveta yaing'ono yomwe imayendetsa wailesi ya kanema ndi mababu singaikwanitse, ndiye m'nyumba ya sola, komwe mawaya amadukaduka kwambiri, chidachi sichithandiza. Ngati waya ndi wonyamulika, pitani naye kwa wokonza mafoni pamsika, popeza ambiri ali ndi makina ofuzira mpweya wotentha.

Chowumitsira tsitsi musachidalire. Anachipanga kuti chisawotche mutu wa munthu, motero nthawi zambiri kachubu kamangokwinyika pang'ono osagwira. Zikatero ndi zoopsa, chifukwa pamaoneka ngati paphimbika, koma mwana akakoka kamasuntha.

Ambiri adzagwiritsa ntchito laita, machesi kapena kandulo, ndipo tisanamizane, pa waya wamng'ono wa sola laita imagwira ntchito. Koma lawi limatentha madigiri oposa 1,000, kuwirikiza pafupifupi kakhumi zomwe kachubu kamafuna. Likakhala malo amodzi kwa masekondi ochepa kachubu kamabooka, ndipo pulasitiki ya waya weniweniyo imasungunuka pansi pake pomwe simukuona. Lawi lisakhudze. Waya akhale pamwamba pa lawilo, motalikira ngati zala ziwiri kapena zitatu, ndipo muzimuyendetsa uku ndi uku mukumutembenuza. Mukaona utsi, kuthuza kapena kunyezimira ngati phula, mwapitirira muyeso: dulani, ikani katsopano. Kandulo imatsalira kumbuyo kwa laita chifukwa imapaka mwaye wakuda, womwe umabisa pomwe papsa, ndiponso imadontha. Machesi amatha ntchito isanathe, munthu n'kupsa zala.

Mbaula ya makala oti afiira kale, opanda lawi, imatulutsa mpweya wotentha wofanana mbali zonse. Chingwe chomwe mwachizula kotheratu mukhoza kuchitembenuza pamwamba pake, patali ndithu ndi makalawo, muli panja. Chitsulo chowotcherera mawaya chimathandizanso mukamasisita ndi thunthu lake osati nsonga, ngakhale kuti chimagwira mbali imodzi ndipo chimasiya zipsera. Madzi owira ayi: chinyezi chikatsekeredwa mkati, mkuwa umachita dzimbiri.

Pali malo amodzi pomwe lawi la mtundu uliwonse lisafike, pafupi ndi batire. Batire la asidi, longa la galimoto, likamatchaja limatulutsa mpweya wa haidrojeni, wopanda fungo kapena mtundu. Ukangofika magawo 4 pa 100 alionse a mpweya wa pamalopo, kamoto kakang'ono ndi kokwanira kuphulitsa batire, asidi n'kuwazikira m'maso. Masulani waya ku batire, mupite naye panja, ndipo petulo ndi palafini zikhale kutali. Ngati ndi chingwe cha chipangizo cha magetsi a ESCOM, zulani pulagi, osangozimitsa pa switchi. Mawaya a m'khoma a magetsi amenewa si okonza nokha, itanani katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chilolezo cha bungwe la MERA.

Utsi nawonso si wocheza nawo. Mawaya ambiri amakutidwa ndi pulasitiki ya PVC, yomwe ikapsa imatulutsa mpweya wa asidi wowawa m'maso ndi pakhosi. Mwana wa mphumu atuluke musanayambe, ndipo mazenera akhale otsekula.

Kachubu kakazizira, kakokeni ndi zala. Kasasunthe, ndipo kapitirire mkuwa mbali zonse ziwiri ndi pafupifupi sentimita imodzi. Pa waya wa panja, wochokera pa sola padenga, funsani timachubu tokhala ndi guluu mkati, tomwe timatseka madzi a mvula.

Pakamwa pa heat gun ndi chitsulo chowotcherera zimakhalabe zotentha kwa mphindi zingapo mutazimitsa, ndipo ana amakonda kutola chomwe bambo angosiya pansi. Inu mavolontiya a zaumoyo, kumbutsani makolo kuti mwana akapsa athire madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20, osapakapo mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena dothi. Pulasitiki yomwe yamatirira pakhungu musaimatule. Bala likakhala kumaso, m'manja kapena kumaliseche, likakula kuposa chikhatho cha mwanayo, kapena ngati wagwidwa ndi magetsi ngakhale bala lisakuoneka, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.