Kodi Galu Adye Chakudya Chochuluka Bwanji pa Tsiku?

Pa tchuthi chapitachi ndinafika kwathu kwa Khwethemule, m'boma la Thyolo, ndi kupeza mlandu pakhomo. Galu wathu Dziwazako anali atagwira nkhuku ziwiri za anansi, ndipo bambo analipira. Amayi anati galuyo ndi wakuba, angochotsedwa. Koma ine nditaona nthiti zake zili pamtunda ndinati vuto ndi njala. Kwathu minda ndi yaing'ono popeza malo ambiri ndi a tiyi, ndipo ufa ndi wogula. Tsono galu ankangodya makoko a mumphika.

Ndinaganiza zoyesa masamu amene madokotala a ziweto amagwiritsa ntchito. Choyamba ndi kudziwa kulemera kwa galu. Ndinabwereka sikelo yolendewera, yonga yopimira tiyi, ndi kumuika Dziwazako m'chiguduli. Analemera makilogalamu 15.

Mphamvu ya m'chakudya amaiwerenga m'makalori. Chulukitsani kulemerako ndi 30, kenaka onjezani 70. Kwa ife, 15 × 30 + 70 = 520. Awa ndi makalori amene galu amafuna atangogona tsiku lonse. Koma galu amayenda ndi kulondera usiku, choncho chulukitsaninso ndi 1.8 ngati ndi wamkulu wosathena, kapena 1.6 ngati ndi wothena. Wathu ndi wosathena: 520 × 1.8 = 936. Kagalu kosakwana miyezi inayi kamafuna kuchulukitsa ndi 3, ndipo galu woyamwitsa amafunanso chambiri.

Nanga makalori 936 ndi chiyani m'mbale? Ufa wa mgaiwa wolemera magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 360, ndiye magalamu 200 apereka 720. Otsalawo achokere ku usipa kapena bonya wodzaza dzanja, ndi supuni yaikulu ya mafuta ophikira, imene ili ndi makalori pafupifupi 120. Nsima yokha siikwanira chifukwa galu amafuna zakudya zomanga thupi. Gawani chakudyachi pawiri, m'mawa ndi madzulo, ndipo madzi akumwa asasowe. Musampatse ndiwo za anyezi, poti anyezi amaononga magazi a galu, ngakhalenso mafupa ophika a nkhuku amene amalasa m'mimba.

Masamuwa ndi poyambira chabe. Pakatha masabata awiri mpapaseni galu m'nthiti. Nthiti zizimveka m'manja koma zisamaoneke. Zikaoneka onjezani chakudya, zikapanda kumveka chepetsani.

Bambo atawerenga anapeza kuti ndi ufa wa makilogalamu 6 pa mwezi. Anadandaula, koma anavomera. Pofika tsiku lobwerera kuno ku seminale, Dziwazako anali asanagwirenso nkhuku.

Makolo ndi anzanga, galu wanjala amayendayenda, ndipo kumeneko ndi kumene amalumana ndi agalu a chiwewe. Musanatenge galu yambani mwawerenga ufa wake, ndipo musaiwale kukam'bayitsa katemera wa chiwewe.