Kumeta M'khwapa Popanda Kudzivulaza

Achinyamata anzathu, tikamayendera makalabu anu pali funso lina limene limabwera mobisa, pakapepala kopanda dzina: "Ndikameta m'khwapa mumatuluka tiziphuphu toyabwa. Kodi ndi matenda?" Nthawi zambiri si matenda ayi, vuto limakhala kametedwe.

Khungu la m'khwapa ndi lofewa, limakhala lonyowa ndi thukuta ndiponso limakhulana tsiku lonse. Lezala likamadutsa silidula tsitsi lokha, limapalanso khungu n'kusiya timabala tosaoneka ndi maso. Lezala lobuntha ndiye limanyanya, chifukwa limakoka tsitsi ndipo munthu amabwereza kangapo pamalo amodzi. Komanso tsitsi la ambiri a ife ndi lopotana. Likametedwa mopalira kwambiri, pomera limapindika n'kubaya khungu ngati kaminga, ndiye pamatuluka kachiphuphu.

Choncho musamete pouma. Yambani mwasamba ndi madzi ofunda kwa mphindi zingapo kuti tsitsi lifewe, kenaka pakani thovu la sopo lokwanira. Metani pang'onopang'ono motsatira kumene tsitsi lagonera, ndipo muzitsuka lezala pafupipafupi. Ngati tsitsi latalika, yambani mwalidula ndi sizasi. Ife timakonda kulangiza kumeta madzulo, kuti khungu lipume usiku m'malo mopita nalo padzuwa kapena ku bwalo la mpira nthawi yomweyo.

Mukamaliza tsukani ndi madzi ozizira, pukutani mosakhula, ndipo pakani vaselini pang'ono. Mafuta onunkhira opaka m'khwapa aja adikire kaye mpaka mawa lake. Tikudziwa kuti ena amathira sipiriti, mandimu kapena soda poganiza kuti akupha tizilombo. Musatero, zimenezi zimangowotcha khungu lomwe lavulala kale.

Ngati tiziphuphu tatuluka kale, lekani kumeta mpaka titatha. Kansalu koyera konyikidwa m'madzi ozizira kamachepetsa kuyabwa. Valani malaya a thonje osathina, ndipo musakande kapena kufinya, chifukwa zikhadabo zimalowetsa tizilombo ndipo pamatsala zipsera zakuda.

Tsopano nkhani ya kubwerekana lezala, imene timaiona kwambiri m'mahositelo ndi pakati pa abale a nyumba imodzi. Timabala tija nthawi zina timatulutsa magazi, ndipo magaziwo amatsalira pa lezala. Si kawirikawiri kuti munthu atenge kachirombo ka HIV mwa njira imeneyi, koma n'zotheka ngati magaziwo ali aawisi. Kachirombo ka matenda a chiwindi a Hepatitis B ndiye kolimba kwambiri: kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku 7 kapena kuposerapo. Aliyense akhale ndi lezala lakelake, ngakhale wopemphayo ndi mchemwali wanu. Lotha ntchito litayeni m'chimbudzi chokumba, pomwe ana sangalitole.

Pitani kuchipatala ngati pali mafinya, chithupsa, thupi likutentha, kapena ngati chotupa chatha milungu iwiri osaphwa. Kachilonda ka m'khwapa kakalowa tizilombo kangathe kuyambitsa mwanabere, ndipo taonapo achinyamata akusowa tulo poganiza kuti ndi Edzi. Mwanabere amabwera pa zifukwa zambiri. Chimene chingakuuzeni ngati muli ndi HIV ndi kuyezetsa magazi basi, ndipo m'zipatala za boma amayeza kwaulere.