Msonkhano Ukatha, Nthumwi Zimakaona Zotani ku Istanbul?

Nthumwi zikapita ku msonkhano wa maiko ku Istanbul, m'dziko la Turkey, sizingobindikira m'holo. Zokambirana zikatha, eni mudzi amakweza alendo m'boti kukayenda pa Bosphorus, madzi olekanitsa Ulaya ndi Asia. Ena amakaswali mu mzikiti wa Süleymaniye womwe udatha kumangidwa mu 1557, n'kukachita ziyara ku manda a Abu Ayyub al-Ansari, swahaba amene adasunga Mtumiki (SAW) m'nyumba mwake ku Madina.

Koma madyerero a madzulo ku hotela ali ndi mayeso ake. Pamatebulo ena pamakhala mowa, ndipo Magharibi imatha anthu ali pa macheza. Tsono m'bale amene mudzatumidwe, funsiranitu za chakudya ndi malo oswalira. Pobwerera, ana a ku madrasa mudzawatengere mbiri ya maswahaba, osati zithunzi zokha.